Sola ya m'mudzi ikhale ya eni mudzi

Chilala cha 2024 chitachepetsa madzi a ku Kariba, ife a mu Chipata tinagona mumdima usiku wambiri, zigayo zinaima, owotcherera zitsulo ku Kapata anangokhala manja lende. Komatu dzuwa linkatuluka tsiku lililonse! Ku Chitandika, kuno kum'mawa, kampani ya ENGIE inaika magetsi a sola mu 2019, osadalira madzi a Zambezi, ndipo ndikuyamika. Funso langa n'lakuti: mwini wake ndani? Ku Mpanta m'boma la Samfya, bungwe la Rural Electrification Authority linamanga sola n'kuipereka m'manja mwa kopaletivu ya anthu a komweko. Njira imeneyi ndiyo ndikuifuna kwathu kuno, ndipo ndalama zoyambira zilipo: thumba la boma la chitukuko la CDF linakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsitichuwense iliyonse mu 2022. Makomiti a chitukuko m'mawadi apemphe gawo lake ligule mapanelo, mabatire ndi mawaya, katunduyo alembedwe m'dzina la mudzi. Koma tisanamizane, abale anga, kugula n'kosavuta, chovuta n'kusamala. Mabatire amakalamba, ndipo akafa mudzi wopanda kathumba kapadera umabwerera ku koloboyi. Nyumba iliyonse izilipira mwezi ndi mwezi, wachigayo ndi wagolosale azilipira zochulukirapo, msungichuma aziwerenga ndalama poyera pamaso pa amfumu. Ndipo titumize mtsikana kapena mnyamata wa m'mudzimo ku Chipata Trades akaphunzire zamagetsi, tisamadikire wokonza wochokera ku Lusaka.