Mapu Saona Mjigo Wakufa

Kale, wofuna kudziŵa mmene anthu a dera lina akukhalira ankayenda pansi, kufunsa mudzi ndi mudzi. Masiku ano akatswiri amatenga zithunzi za setilaiti, naikapo pakompyuta chiŵerengero cha anthu, misewu, mijigo, sukulu ndi zipatala. Mapu otere anatsogolera alembi pa kalembera wa 2018 amene anapeza anthu oposa 17.5 miliyoni m'Malaŵi muno.

Dera la Mfumu Kalembo likusoŵa mapu otere. Linali m'boma la Machinga kufikira 1998, pamene Balaka inakhala boma palokha. Ulongwe, pamsewu wa Liwonde kupita ku Mangochi, ikukula ngati katauni, ndipo kuvuma kuli mtsinje wa Shire ndi nkhalango ya Liwonde. Pamene anthu akuchuluka chotere, akuluakulu a khonsolo ayenera kudziŵa kumene mjigo kapena sukulu yatsopano ikufunika koposa. Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo lusoli ndi lofunika kulilandira.

Komabe mapu ali ndi khungu lake. Unduna wa Zaumoyo unkaŵerenga anthu okhala pamtunda wosapitirira makilomita 8 kuchokera kuchipatala kuti ali pafupi ndi chithandizo. Papepala mtundawo ndi mzere woongoka, koma mayi woyembekezera amene khwaŵa lodzaza lamtsekera njira m'dzinja amadziŵa kuti chipatala chili kutali. Chimodzimodzinso kadontho kosonyeza mjigo sikanena ngati mjigowo ukutulutsa madzi. Choopsa n'chakuti mudzi wa mjigo wakufa umalembedwa kuti uli ndi madzi, ndipo thandizo limaulambalala.

Safunsa anadya phula. Mapu amanena zoona pokhapokha eni dera akamaŵakonza kaŵirikaŵiri. Apa ndi pamene pali ntchito ya aphunzitsi a jogalafe ndi achinyamata otsiriza sukulu. Ndi foni yam'manja angathe kulemba malo a mjigo uliwonse, kuonjezapo ngati ukugwira ntchito ndi kutalika kwa mzere wa ndowa, kenaka n'kupereka zonsezo kwa mfumu ndi khonsolo. Ofuna kuzama angakumbukire kuti mu 2020 ku Lilongwe kunatsegulidwa African Drone and Data Academy yophunzitsa luso lomweli.

Mudzi umene ana ake ophunzira saulemba bwino pamapu udzaiŵalika pogaŵa chitukuko.