Khichini ya pa laputopu iyambe ndi tepi

Yendani kwa akalipentala a ku Kapata kapena ku Mchini, mudzamva mkangano umodzimodzi. Amai anabwera ndi chithunzi cha pa Pinterest, amisiri anati "osadandaula, tizapanga", mabodi anadulidwa, ndipo tsiku loika makabati furiji yakana kulowa. Bodi yodula kale sibwerera ku shopu. Wina aluza ndalama, ndipo kambiri ni onse awiri.

Inu amene muli ndi laputopu, olo ya sekondihandi, nchito yanu ili pamenepo. Mutha kumanga khichini yonse pa kompyuta mu 3D, kasitomala n'kuiona, n'kukana zimene afuna kukana, macheka asanakhudze bodi.

Pulogalamu siivuta kupeza. Blender ni yaulere, mungogula bando n'kuchita dawunilodi. Anaiyamba Ton Roosendaal wa ku Netherlands, ndipo mu 2002 anthu anasonkha ma euro 100,000 kuti ikhale ya aliyense. Musaipeputse chifukwa ni yamahala: filimu ya makatuni ya ku Latvia yochedwa Flow, imene inawina Oscar mu 2025, anaipanga ndi Blender yomweyo. Ena amakonda SketchUp chifukwa ni yosavuta pa makabati. Zonse zili bwino.

Manje mvetsani apa. Oyamba kumene amathamangira mabo wonyezimira ndi magetsi olendewera, khichini ya ku Dubai. Yokongola, inde, koma siilowa m'nyumba ya ku Nabvutika. Tsekani laputopu, tengani tepi, pitani kunyumba ya kasitomala. Pimani khoma pansi, pimaninso pamwamba, chifukwa makoma ambiri a m'komboni sali sikweya. Bilikileya anali ndi tsiku lake. Lembani pamene pali windo, soketi, paipi ya madzi, ndi mbali imene chitseko chitsegukira. Pimani furiji ndi sitovu zenizenizo, osati za pa intaneti.

Mukabwerera, ikani Blender pa masentimita. Kabokosi kamene mupeza pa sikirini mukangoyatsa ni ka mamita 2, ndiye osakakhulupirira ndi maso. Kaunta ikhale pafupifupi masentimita 90 kuchoka pansi ndi 60 kuchoka ku khoma. Funsani kalipentala kunenepa kwa bodi imene agwiritsa nchito, kambiri ni mamilimita 16, ndipo mbali iliyonse ya kabati muipatse kunenepa komweko. Mukaiwala izi, pa chithunzi zonse zizakwana, pa khoma zizakana.

Chimene chimaulula kuti chithunzi ni cha pa kompyuta ni m'mphepete. Palibe kabati padziko ili ndi kona yakuthwa ngati lezala. Ikani bevel ya milimita 1 kapena 2 chabe, muzaona kuwala kukugwira m'mbali, kabati n'kuoneka ngati ungaigogode.

Pa nkhani ya texture, khungu la zinthu, mpamene ine ndimalimbikira. Poly Haven ipatsa matabwa ndi miyala yaulere, koma kasitomala wanu sazagula ku Poly Haven. Pitani ku hadiweya ku Down Shops, pemphani kujambula mataelosi ndi mabodi amene alipo, mumthunzi, foni itayang'ana molunjika. Muike zimenezo. Taelosi ya masentimita 40 ikhale 40 pa chithunzi. Ikakula, chipinda chioneka chaching'ono, ikachepa, amai aganiza kuti ali ndi holo. Mizere ya thabwa itsate utali wa chitseko. Ndipo sewerani ndi roughness: sinki ya simbi siwala ngati galasi, simenti ya polishi yofiira iwala pakati pamene anthu apukuta, m'makona ni yofooka. Zonse zikanyezimira mofanana, ni pulasitiki.

Kenaka ikani moyo wa m'nyumba. Saka ya unga ya 25 kg izakhala kuti? Chigubu cha malita 20 cha masiku amene pompi yauma? Silinda ya gasi, imene ifuna malo opita mphepo? Poto yaikulu ya nsima ndi mthiko? Izi si zokongoletsa. Mukaziika, amai azayang'ana n'kunena kuti "shelefu iyi yafupika", ndipo mwapulumutsa bodi yathunthu. Mbaula yokha isiyeni panja, ngakhale pa chithunzi. Utsi wa malasha m'nyumba yotseka umapha.

Kuwala kuchokere pamene kuchokera zoona: windo imodzi ija, ndi babu imodzi ya usiku. Musabise mdima ndi magetsi khumi amene kulibe. Poyesa gwiritsani EEVEE, ni yachangu. Cycles itulutsa chithunzi chabwino koma laputopu yakale izatentha ngati aini, ndiye isungireni chithunzi chothera, malaiti ali on. Ctrl+S ikhale chizolowezi, mudziwa kale m'mene amazimira.

Za ndalama, gwirizanani musanayambe: mtengo, theka patsogolo, ndi kangati kasitomala angasinthe maganizo, chifukwa alamu ndi apongozi naonso azabwera ndi mitundu yao. Pa WhatsApp tumizani chithunzi cholembedwa dzina lanu pakati. Kalipentala yekha mupatseni pepala la miyeso ya bodi iliyonse, ndipo aione n'kuisaina asanapite kukadula.