ZA AMAYI: Mkono wa Chitsulo Pambali pa Mwana Wanu

Sabata ino tiyambe taika pambali nkhani za kukhitchini, chifukwa ndalandira kalata yochokera kwa mayi ena a ku Balaka imene yandipatsa maganizo ambiri. Mayiwa ali ndi mwana wamkazi amene amagwira ntchito yolongedza katundu m'makatoni pa fakitale ina kufupi ndi Durban, ku South Africa, ndipo ndalama zimene amatumiza ndizo zimagula feteleza ndi kulipira fizi ya abale ake aang'ono. Tsono mwanayo wawauza kuti eni fakitale abweretsa mkono wa chitsulo woyenda wokha, nauimika pa tebulo lomwelo pamene iye amagwirira ntchito. Mayiwa akufunsa kuti: "Kodi chinthuchi sichimupweteka mwana wanga? Nanga ntchito yake siithera pomwepa? Ndimuuze abwereko kumudzi?"

Mayi, mwachita bwino kufunsa, ndipo yankho langa likhudza tonse amene tili ndi ana aakazi.

Chimene mwana wanu waona ndi loboti, koma osati maloboti oongolera galimoto pamsewu aja ayi. Awa ndi makina amene amauzidwa zochita ndi kompyuta, nabwereza ntchito imodzimodzi usana ndi usiku osatopa. Loboti yoyamba ya m'fakitale, yotchedwa Unimate, idayamba ntchito m'chaka cha 1961 pa fakitale ya General Motors ku New Jersey, m'dziko la America, ndipo inkanyamula zitsulo zamoto zimene munthu sakadazigwira. Maloboti a mtundu umenewo ndi olemera, aliwiro ndiponso osamva kanthu: munthu akaima panjira pawo, iwo amangopitiriza. M'chaka cha 1979 mnyamata wina wa zaka 25 adafa atamenyedwa ndi mkono wa loboti pa fakitale ina ku Michigan. N'chifukwa chake makina otere amawatsekera mu mpanda wa waya monga chilombo, ndipo munthu salowamo asanawazimitse.

Koma mkono umene auimika pa tebulo popanda mpanda ndi wa mtundu wina, umene amautcha koboti, kutanthauza loboti yogwira ntchito limodzi ndi munthu. Maganizo ake adachokera kwa aphunzitsi awiri a pa Northwestern University, J. Edward Colgate ndi Michael Peshkin, m'chaka cha 1996. Kampani ya Universal Robots, imene idakhazikitsidwa m'chaka cha 2005 mu mzinda wa Odense ku Denmark, idagulitsa koboti yake yoyamba mu 2008. Mkonowo unkalemera makilogalamu 18, kulemera kosafika ndi theka lomwe la thumba la chimanga, ndipo unkanyamula katundu wa makilogalamu 5. Mu 2015 kampani ya ABB idatulutsa ina ya mikono iwiri yotchedwa YuMi, imene eni ake adati imatha ngakhale kulowetsa ulusi pa singano.

Pa funso lanu loyamba, mayi, mtima ukhale pansi, koma maso akhale tcheru. Koboti adaipanga kuti izimva ikagunda chinthu, ndipo ikakhudza dzanja la munthu imaima nthawi yomweyo. Imayendanso pang'onopang'ono kusiyana ndi maloboti a mu mpanda aja. Komabe mkono wofatsa ukagwira mpeni, mpeniwo ndi wakuthwa ndithu. Muuzeni mwana wanu afunse akuluakulu a pantchito kuti amusonyeze batani lofiira lozimitsira makinawo mwadzidzidzi, ndipo asalole kugwira nawo ntchito asanamuphunzitse. Limbikitsaninso kuti azimanga tsitsi ndi kupewa zovala zolendewera, monga mwa lamulo la pa makina alionse.

Funso lachiwiri ndilo lolemera, ndipo sindikunamizani. Mwini fakitale sagula makina chifukwa chomvera chisoni msana wa wantchito, amawerengera ndalama. Bungwe la International Federation of Robotics lidawerengera kuti pofika 2023 maloboti ogwira ntchito m'mafakitale a dziko lonse lapansi adapitirira 4 miliyoni, ndipo mwa maloboti khumi alionse amene adaikidwa chaka chimenecho, imodzi inali koboti. Ntchito zimene zimayamba kutengedwa ndi zobwerezabwereza: kunyamula, kuika mu katoni, kusanja makatoni, kumanga mabawuti. Ntchito ya mwana wanu ili m'gulu limeneli, ndipo pamene padali atsikana anayi pakhoza kutsala awiri.

Mafakitale a mtsogolo akupita patali kuposa apa. Makina akumalumikizidwa ndi kompyuta kotero kuti amauzana okha za katundu amene watha, ndipo amaneneratu ngati chitsulo china chayamba kutentha kapena kunjenjemera chisanathyoke. Anthu a ku Germany adayamba kufalitsa maganizo amenewa pa chionetsero cha ku Hannover m'chaka cha 2011.

Komatu dzanja la munthu silinathe ntchito. M'chaka cha 2016 kampani ya Mercedes-Benz idalengeza kuti pa fakitale yake ya ku Sindelfingen ikuchotsa maloboti ena akuluakulu ndi kubwezeretsapo anthu othandizidwa ndi timakina tating'ono, chifukwa ogula ankafuna galimoto zosiyanasiyana ndipo maloboti aja sankatha kusintha msanga. Kampani ya nsapato ya Adidas idatsegula mafakitale odzaza ndi makina ku Ansbach ndi ku Atlanta, koma mu 2019 idalengeza kuti iwatseka. Ndipo inu amene mumasoka mukudziwa khalidwe la nsalu: imapindika, imatamuka, imaterereka. Chitsulo chimakhala monga wachiikira, koma nsalu imafuna zala zomva, ndipo mpaka lero zovala zambiri za padziko lapansi zimasokedwa ndi anthu, ochuluka mwa iwo akazi, atakhala pa makina osokera.

Tsono apa ndi pamene ndikufuna timvetsetsane, amayi anzanga. Takumbukirani za mtondo. Kuyambira kale kusinja chimanga idali ntchito ya mayi, ndipo palibe bambo amene ankalimbirana nafe munsi. Chigayo chitafika tidapumula, ndipo tidathokoza. Koma taonani amene waima pa chigayo lero, amene amaliza injini, kumanga lamba ndi kulandira malipiro mwezi ukatha: kawirikawiri ndi bambo. Ife timangosenza thumba pamutu, kukhala pamzere, ndi kulipira. Onaninso pa khonde la sitolo: amene akupalasa makina osokera nthawi zambiri ndi bambo, chonsecho singano ya pamanja tidaidziwa tili atsikana. Madzi timatunga ndife, koma mjigo ukaonongeka timadikira mwamuna wa sipanala. Ntchito ikakhala yothyola msana ndi yopanda malipiro imatchedwa ya akazi. Ikangolowa makina ndi ndalama, imasamukira kwa amuna. Palibe amene adatilanda ndi nkhondo ayi. Tidauzidwa kuti zitsulo si zathu, ndipo ife tidavomera.

Ndi koboti tisalole kuti zibwerezeke, pakuti makinawa safuna mphamvu za m'mapewa. Kuwaphunzitsa ntchito kuli ngati kuphunzitsa mwana kugwira mthiko: umagwira mkonowo ndi dzanja lako, kuutsogolera pamene uyenera kutola ndi pamene uyenera kuika, kenaka n'kudina pa kagalasi konga ka foni yaikulu kuti usunge njirayo. Zofunika ndi kudziwa kuwerenga, masamu pang'ono, kudekha, ndi kuidziwa bwino ntchitoyo. Nanga ndani akudziwa kalongedzedwe ka makatoni aja kuposa mwana wanu, amene wawagwira zaka zonsezi? Iye ndiye amazindikira katoni yonyowa, botolo long'aluka ndi chizindikiro chomatidwa mozondoka.

Choncho, mayi a ku Balaka, musamuitanitse mwanayo. Muuzeni kuti tsiku limene akuluakulu adzafunse amene akufuna kuphunzira kayendetsedwe ka mkonowo, iye akhale woyamba kukweza dzanja, ndipo asachite manyazi ngakhale ena onse atakhala anyamata. Akamaliza maphunzirowo apemphe kalata ya umboni, chifukwa fakitale ikhoza kutsekedwa koma luso amapita nalo kulikonse. Ndipo inu kuno kumudzi, pa ndalama zimene akutumiza muzipatulako pang'ono, kaya kubanki ya m'mudzi kaya pogula mbuzi, pakuti chakudza sichiimba ng'oma.

Kwa ife tonse mawu anga ndi awa: m'mera mpoyamba. Mtsikana akabwera kuchokera kusukulu, asathere madzulo onse pa mbale ndi pa chitsime pamene mlongo wake akuwerenga. Akanena kuti masamu ndi ovuta, musamuyankhe kuti ndi a anyamata. Bambo ake akamakonza njinga kapena wailesi, mlekeni akhale pafupi, agwireko sipanala, ade manja ndi girisi, sopo alipo. Ndipo akamaliza Fomu 4, kumbukirani kuti sukulu za ntchito zamanja monga za ku Soche, Nasawa, Lilongwe ndi Mzuzu zimaphunzitsa zamagetsi ndi zamakina kwa atsikana omwe. Kambiranani ndi abambo a kunyumba modekha, pakuti fizi ya mwana wamkazi si ndalama yotayika.

Makina otere sanafike m'mafakitale athu ambiri, koma ana athu ali kale kumene iwo afika. Amene muli ndi ana ogwira ntchito m'mafakitale, kuno kwathu kapena kunja, tilembereni mutiuze zimene akuona. Sabata ya mawa tidzakambirana za kasungidwe ka ufa m'nyengo ya mvula. Tsalani bwino, amayi anzanga.