Kanema wathu adapita kuti?

Anthu a ku America mpaka lero akulirabe kanema wawo wa 1917 wotchedwa Cleopatra, nkhani ya chikondi cha mfumukazi ya ku Egypt. Anali kanema wosalankhula uja, wongoona zithunzi. Adapsa ndi moto, kwangotsala tizidutswa. Iwotu akulira chifukwa akudziwa chomwe adataya. Nanga ife Amalawi, tikudziwa?

Pakati pa 1935 ndi 1937, gulu la Bantu Educational Kinema Experiment lidajambula makanema 35 ku Tanganyika, osewera ake anthu akuda, n'kumawaonetsa mpaka kuno ku Nyasaland. Mawu ankachokera pa galamafoni, ena m'Chinyanja. Lero atsala atatu okha, ndipo ali ku London. Nawo a Central African Film Unit, amene adajambulidwa kuyambira 1948 mpaka 1963, ena kwathu konkuno, akusungidwa ku Harare. Mwana wa ku Ntcheu akafuna kuona dziko la agogo ake, ayambe wapeza pasipoti!

Ena anena kuti zinali za atsamunda, zitayeni. Zoonadi ankatiyesa ana. Koma nkhope zili m'menemo si za atsamunda ayi.

Titadzilamulira zinthu sizidakome. Lamulo la 1968 lidapatsa a Censorship Board sizasi, ndipo mwamuna ndi mkazi akati apsompsonane, kanema ankangodumpha. Inu amene mudathawira ku Lusaka ndi ku Dar es Salaam mukudziwa kuti boma loopa chikondi cha pa kanema silikadalola kamera kujambula misozi ya anthu ake. Wailesi yakanema tidadikira mpaka 1999.

Ntcheu yokhayi ili ndi nkhani zodzaza nkhokwe. Mu 1953 Inkosi Philip Gomani adachotsedwa pa ufumu chifukwa chokana chitaganya. Mu 1977 Albert Muwalo adanyongedwa ndi boma lomwe ankalitumikira. Amene adaziona ndi maso akutha mmodzimmodzi, ndipo aliyense akamalowa m'manda ndi kanema winanso amene wapsa.

Tsono boma lipemphe makope a ku London ndi ku Harare, akasungidwe ku National Archives ku Zomba, azikaonetsedwanso m'midzi. Inu anyamata ndi atsikana, foni muli nazo m'thumba. Pitani kwa agogo ku Lizulu, ku Tsangano, ku Bwanje, mukhale nawo pamphasa, muwajambule akadali ndi mpweya. Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.