Lendi ya Nyumba ya Malemu

Nkhani ya ulendo uno ikuwakhudza ambiri ku Liwonde, Ntaja, Ulongwe ndi pa Balaka. Bambo amwalira, asiya nyumba ya malata muli anthu a lendi. Sadaka ikangotha, mwana wamkulu kapena mjomba amayamba kutolera ndalama mwezi ndi mwezi, osalemba paliponse. Kodi ndalama imeneyi ndi yayani?

Siyawotolerayo ayi. Kuyambira tsiku lomwe malemu atsikira kuli chete, nyumba pamodzi ndi lendi yake ndi ya onse olandira mirathi, ngongole ndi wasiya zikachotsedwa. Surat An-Nisa, ndime 11 ndi 12, idagawa kale: mayi wamasiye amene ali ndi ana amalandira gawo limodzi mwa magawo 8, ndipo mwana wamkazi ali ndi gawo lake lomwe palibe angamulande. Mwambo wathu woti chuma chizipita kwa mwana wa mlongo timaudziwa bwino, koma pano ulibe malo. Nalonso lamulo la boma la chuma cha masiye la 2011 limati kulanda chuma chotere ndi mlandu.

Tsono pali msonkho. Ena amati, "Nyumbayi sitidagule, tidangoipeza, boma likufunapo chiyani?" Abale, bungwe la MRA, lomwe lidayamba ntchito mu 2000, silifunsa za mmene nyumba idabwerera. Limaona lendi ngati phindu lomwe munthu wapeza m'chakacho, ndipo liyenera kulembedwa pa fomu ya msonkho. Woyang'anira chumacho apite ku ofesi ya MRA akatenge nambala ya msonkho, akafotokozenso kuti nyumbayo ndi ya anthu angapo. Ngati wokhalamo ndi kampani kapena bungwe, iwo amadula msonkho asanakupatseni ndalama. Muziitanitsa chikalata chosonyeza zomwe adulazo. Malisiti a simenti, malata ndi mmisiri wokonza nyumba asatayidwe, chifukwa zokonzetsera zimachotsedwa powerengera phindu.

Tamvapo madala ena pamsikiti akunena kuti amene wapereka Zakaat watha zonse. Ayi ndithu. Zakaat ili ndi eni ake omwe Allah adawatchula, ndipo boma silili m'gulumo. Msonkhonso sulowa m'malo mwa Zakaat. Nyumba yochititsa lendi payokha ilibe Zakaat, koma gawo la munthu aliyense likasungidwa n'kukwana nisaabu, chaka n'kutha, apereke K2.50 pa K100 iliyonse.

Chomwe chimatiwawa ife ndi ana amasiye. Msonkho ukabisidwa zaka zambiri, chindapusa chimadzadya chuma chomwecho, ana amene sadaoneko ngakhale tambala n'kulipira kusasamala kwa wamkulu. Ndime 10 ya Sura yomweyi ndi yoopsa kwa wodya chuma cha amasiye.

Gulani kope limodzi la kusukulu. Mulembemo tsiku, ndalama yolowa, yotuluka ndi amene walandira, mboni ziwiri zisayine. Kope lomwelo mudzalitsegula pamaso pa alongo anu, kwa Shehe powerengera Zakaat, komanso ku MRA chaka cha msonkho chikatha pa 31 Malichi.