Werengani mawere a kapuku, kenako a ngaka

Chimanga chikachoka m'minda ya kuno ku Raffingora, ku Zimbabwe, anyamata a m'komboni amatenga makasu ndi misampha kukasaka mbewa, monga ankachitira agogo awo amene anachokera ku Dedza, ku Ntcheu ndi ku Tete kudzalima fodya m'mapulazi ano. Ine ndilibe nawo mlandu. Mbewa ndi ndiwo, ndipo iliyonse imene yalowa mumphika ndiye kuti chimanga cha m'nkhokwe chapulumuka. Ndingopempha chinthu chimodzi: musanamuwaule kapuku wamkazi, mugonekeni chagada muwerenge mawere ake. Ali m'mizere iwiri, kuchokera kukhwapa mpaka kuntchafu, 8 mpaka 12 mbali iliyonse. Bere lake limatha masabata atatu ndi masiku owerengeka, amaswa ana 10 kapena kuposerapo, ndipo sipatenga nthawi kuti atengenso bere lina. N'chifukwa chake timamukumba chaka ndi chaka koma osatha.

Kuyamwitsa kumeneku ndiko kumatiika m'gulu limodzi ife anthu, kapuku, ng'ombe ndi njovu. Mu 1758 katswiri wa ku Sweden, Carl Linnaeus, pogawa nyama m'magulu sanayang'ane zoti nyama ikuuluka, ikusambira kapena ikuyenda pansi. Anayang'ana ngati mwana amayamwa. Motero mleme, ngakhale uli ndi mapiko, si mbalame: uli ndi ubweya, suikira mazira, mwana wake amakakamira pachifuwa. Namgumi wa m'nyanja zamchere si nsomba, amapuma ndi mapapo ndipo amayamwitsa. Ku Australia kuli kanyama kotchedwa platypus kamene kamaikira mazira, komabe ana ake akaswedwa amanyambita mkaka wotuluka pakhungu la mayi. Zizindikiro zina zilipo, monga ubweya, thupi lodzifunditsa lokha, ndi timafupa titatu ta m'kati mwa khutu. Koma mkaka ndiwo mwini nkhani.

Abusa a ng'ombe amazidziwa izi popanda buku. Thole likangobadwa, mayi amalinyambita, ilo limadzandira kufunafuna bere, ndipo mbusa wodziwa ntchito sachoka pakhola mpaka ataona kuti layamwa mkaka woyamba uja, wachikasu wokhuthala. Chifukwa chake n'chakuti mwana wa ng'ombe amabadwa wopanda chitetezo cha m'thupi. Mwana wa munthu amalandirako chitetezo adakali m'mimba, koma thole limachipeza mu mkaka woyambawo, ndipo matumbo ake amachilandira tsiku loyamba lokha. Likachedwa, kutsekula m'mimba kumalitenga mosavuta. Nyama yoyamwitsa imabadwa isanathe kudziimira, moyo wake uli m'thupi la mayi.

Tsono tiyeni kwa ngaka, imene anzathu Achishona amati haka. Ambiri akaiona ndi mamba ake aja amaiyesa mbale wa ng'azi kapena fulu. Ayi ndithu. Kumimba kwake kulibe mamba, kuli khungu lofewa, ndipo pachifuwa pali mawere awiri okha. Imaswa mwana mmodzi, ikachita bwino kamodzi pachaka, bere litatha pafupifupi miyezi isanu. Mwanayo amabadwa ndi mamba ofewa, amayamwa miyezi ingapo, ndipo mayi akamapita kukafukula nyerere ndi chiswe usiku, amamubereka kumsana. Ngaka ilibe dzino ngakhale limodzi, imadya ndi lilime lalitali lomata. Pakabwera choopsa siithawa, siiluma. Imadzipinda n'kumufungatira mwana m'kati. Mkango umatha kuigubuduza mpaka kutopa osaitsegula. Munthu amangoinyamula n'kuiponya m'thumba.

Apa ndi pamene mtima wanga umawawa. Ntchito m'mapulazi ambiri inachepa chiyambire kugawidwa kwa minda mu 2000, ndipo mnyamata amene akudalira maganyu akamva kuti m'tauni muli wogula mamba, mutu umazungulira. Umphawi ndikuudziwa, sindiupeputsa. Koma mamba amenewa, amene amatumizidwa ku Asia kukapangira mankhwala, ndi ofanana ndi zikhadabo zathuzi, ndipo palibe umboni woti amachiza nthenda iliyonse. Wotenga ngaka yaikazi nthawi zambiri wapha ziwiri, chifukwa mwana wotsala yekha alibe koyamwa. Kapuku mmodzi akagwidwa, anzake amadzaza malo ake mvula isanagwe. Ngaka ikachoka m'dera, pangapite zaka zambiri osaionanso.

Lamulo nalo silinyengerera. Kuno ku Zimbabwe ngaka ili m'gulu la nyama zotetezedwa mwapadera, ndipo wopezeka nayo popanda chilolezo amakagwira ukaidi wosachepera zaka 9. Ku Malawi chilango chimatha kufika zaka 30. Mu 2016, pamsonkhano wa ku Johannesburg wa CITES, pangano loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zakutchire, mayiko anagwirizana zoletseratu malonda a mitundu yonse ya ngaka pakati pa mayiko. Amene amagwidwa kawirikawiri si mwini ndalama, ndi wonyamula thumba, ndipo kumbuyo amasiya mkazi ndi ana m'komboni.

Palinso imfa zina zimene sitiziwerengera. Moto wolusa wa m'chilimwe, umene nthawi zina amauyatsa ndi osaka mbewa omwewo, ungathe kuipeza ngaka itadzipinda pamene gwape wathawa kale. Mipanda yamagetsi nayo yapha zambiri kum'mwera kwa Africa kuno, popeza ikagunda waya imadzipinda pa waya pomwepo. Za moto zili m'manja mwathu. Kukumba una sikufuna kutentha tchire lonse.

Pamwambo wa eni dziko lino, wotola haka ankaipereka kwa mfumu, osaidya yekha. Ulemu umenewo ndi wabwino, koma masiku ano ulemu woposa ndi kuisiya pamene mwaipezapo. Ngati yavulala, kapena mwapeza mwana ali yekha, dziwitsani a ZimParks, oyang'anira nyama zakutchire, kapena apolisi msanga. Bungwe la Tikki Hywood Foundation, limene Lisa Hywood anayambitsa mu 1994, limasamalira ngaka zolandidwa kwa ozembetsa, limayamwitsa ana amasiye ndi botolo, ndipo akakula limakawabwezera kutchire.