Tiyi Wozizira: Wophika Kapena Wonyika?

Mwezi wa October ukafika ku Chipata, dzuwa limayamba kuswa mtengo anthu asanamalize kadzutsa. Alimi amene akusosa minda kuyembekezera mvula yoyamba, ndi amai othirira ndiwo m'madimba, safuna kuona kapu yofuka nthunzi. Mwini wace wa nchito yothetsa ludzu kumunda ndi thobwa, koma thobwa afuna cimera, ufa ndi nthawi. Cifukwa cace mabanja ena amanyamula tiyi wozizira m'botolo. Pali njira ziwiri zokonzera tiyi wotere, ndipo kusiyana kwace sikuli pa kakomedwe pokha.

Njira yoyamba ndiyo yodziwika. Madzi awiritsidwa, masamba athiridwamo ndi kukhala mphindi 3 kufikira 5, tiyi asefedwa, shuga athiridwa akali wotentha, kenaka asiyidwa kuti apole. Anthu a ku America anaukonda kwambiri tiyi wotere kuyambira pa cionetsero cacikuru ca mumzinda wa St. Louis m'caka ca 1904, pamene anali kugulitsidwa ndi madzi oundana. Kumudzi kulibe madzi oundana, koma nzeru ilipo: botolo lotseka bwino liikidwa mumtsuko wa madzi, kapena likulungidwa m'saka lonyowa ndi kupacikidwa pamthunzi pomwe mphepo ipita. Pamene saka liuma, botolo lizizira.

Njira yaciwiri ndiyo yonyika, imene anthu a ku Japan amaitsata nyengo yotentha. Masamba aikidwa m'madzi ozizira madzulo ndi kugonamo maora 8 kufikira 12. M'mawa angosefa. Madzi ozizira sakoka msanga mphamvu ya m'masamba imene imawawitsa tiyi ndi kumanga lilime, motero tiyi wonyika atuluka wofatsa, wosawawa, wosalira shuga wambiri. Koposa zonse, safuna nkhuni. Kwa mai amene amayenda mtunda kukatola nkhuni, kapena amene amagula makala a pamulu pamsika wa Kapata, nkhani imeneyi ndi yokoma kuimva.

Koma moto wa pansi pa ketulo ugwira nchito ziwiri. Utulutsa kukoma kwa masamba, ndiponso upha tizirombo ta m'madzi. Nchito yaciwiriyi siioneka ndi maso, ndipo mabanja ambiri omwe amatunga pa zitsime zosaphimba ndi m'mitsinje akhala akutetezedwa ndi tiyi wa m'mawa osadziwa. Wocotsa moto wacotsanso citetezo cimeneci. Masamba a tiyi alibe mphamvu yoyeretsa madzi oipa; angowasintha maonekedwe, nkuwapatsa fungo labwino, munthu namwa ndi mtima wokhazikika.

Anthu a Kum'mawa sanaiwale kolera. Mu January 2023 matendawa anabuka m'boma la Vubwi, pamene tsidya lina la malire ku Malawi anali kupha anthu ambiri. Mliri wa kumeneko wa 2022 ndi 2023 unatenga miyoyo yoposa 1,700. Kuyambira October 2023 unabukanso ku Lusaka ndi kufalikira m'zigawo zonse, anthu oposa 700 namwalira, ndipo masukulu amene anayenera kutsegulidwa mu January 2024 anatsegulidwa mu February. Kolera imayenda m'madzi ndi m'zakudya, ndipo imatha kumaliza munthu wamphamvu tsiku limodzi.

Palinso cina. A ku Japan amanyika tiyi wao m'fuliji. M'nyumba ya ku Chadiza kapena ku Katete usiku wa October ndi wofunda, ndipo m'madzi ofunda ogona usiku wonse tizirombo timaswana. Ukathiridwamo shuga kapena mkaka ndiye kuti tapatsidwa ndi cakudya comwe. Ngakhale madzi oundana ogulitsidwa m'tauni m'timapepala ta pulasitiki sali odalirika okha-okha: kuzizira sikupha tizirombo tonse, ndipo wogula sadziwa kumene madziwo anatungidwa. Tiyi wophikidwa bwino angathe kuonongeka ndi kacidutswa kamodzi koponyedwamo pomaliza.

Banja limene lakondwera ndi kakomedwe ka tiyi wonyika lingathe kuukonza mosaopsa. Madzi ayenera kuwira kwa mphindi imodzi yathunthu pa moto wotsala nsima itaphikidwa, aphimbidwe mpaka atapola, ndipo masamba anyikidwe m'botolo lotsukidwa ndi sopo. Kapena madzi athiridwe klorini monga mwa malangizo olembedwa pa botolo lace, ndi kudikira mphindi 30. Tiyiyo amwedwe m'mawa mwace dzuwa lisanafike pamutu, shuga athiridwe m'kapu pa nthawi yakumwa. Komabe wowiritsa madzi wasonkha kale moto, ndipo nkhuni zimene anafuna kusunga zapsa. Pamenepo njira yakale ipambana, pakuti ndi moto womwewo tiyi apsa m'mphindi 5, osati usiku wonse.

Dandaulo limodzi la amai pa tiyi wophika ndi lakuti akapola amacita mbuu, ngati wathiridwa dontho la mkaka, ndipo ena amamtaya poganiza kuti wasasa. Sanasase. Masamba ambiri ogulidwa m'masitolo, kaya ocokera ku Kawambwa m'cigawo ca Luapula, kaya a ku Mulanje ndi Thyolo olowera pa cipata ca Mwami, ndi odulidwa ting'ono-ting'ono kuti atulutse mphamvu msanga m'madzi otentha. Mphamvuyo ikazizira imagwirana, nicititsa mbuu. Kucepetsa masamba, kusefa mphindi 3 zikangokwana, ndi kuleka tiyi apole pang'ono-pang'ono asanalowe mumtsuko kumacepetsa vutoli. Ngati wacitabe mbuu, madzi owira pang'ono othiridwa pamwamba amamuyeretsanso.